Nyumba za Angoni: Cimene Cinatsala pa Njira ndi Cimene Cinafika

Pali mau awiri amene amveka kawiri kawiri m'masukulu mwathu pophunzitsa miyambo ya mitundu ya dziko lino, ndipo onse awiri ayenera kuyesedwa asanakhazikike m'mitima ya ana. Oyamba ndi akuti Angoni anataya nyumba ya makolo ao monga anataya cinenero cao, kotero kuti m'midzi yao simunatsale kanthu ka kwao kumene anacokera. Aciwiri ndi akuti nyumba yozungulira ndiyo ya umbuli, ndi ya ngondya zinai ndiyo ya anthu otsogola. Mtundu wofulumira kusiya yoyambayo ndiwo wanzeru. Wonena mau oyamba alankhula ndi cisoni, wonena aciwiri alankhula monyada. Koma onse awiri apenya pamodzi, pa cipupa ndi pa tsindwi, ndipo cifukwa cace onse awiri aweruza molakwa.

Cimene tifuna kuonetsa pano ndi ici: anthu akasamuka kumka ku dziko lina, cipupa ndi tsindwi ndizo ziyamba kugonjera dziko latsopanolo, pakuti zimangidwa ndi mitengo, udzu, dothi ndi manja a komweko. Cimene anthu asenza m'mitu mwao nafika naco ndico kaikidwe ka nyumbazo: iyi iime pati, iyo ipenye kuti, alowamo ndani, pakati pa mudzi pakhale ciani. Wofuna kudziwa ngati mwambo wa osamuka uli moyo kapena wafa, afunse za kaikidweko. Titenga Angoni akhale citsanzo cathu, popeza ulendo wao udziwika bwino, ndipo ambiri a inu aphunzitsi ndi akatekisi mugwira nchito pakati pao, ena muli ana ao.

I. Nyumba ya kumwera

Makolo a Angoni anakhala ku dziko limene lero lichedwa KwaZulu-Natal, ndi ena m'dziko la Eswatini. Nyumba ya kumeneko inalibe cipupa cosiyana ndi tsindwi. Amuna anazika timitengo tofewa mozungulira, natipinda, natimanga pamene tipingasana, mpaka cimango conse cinafanana ndi dengu lalikuru lobvundikira pansi. Pamenepo akazi anafolera udzu kuyambira pamwamba kufikira pansi peni peni, naulimbitsa ndi zingwe zoluka za udzu. Khomo linali lalifupi, lolowa cokwawa. M'kati munali mzati umodzi kapena ingapo yocirikiza; pansi anatsira dothi la pa culu, nazira ndi ndowe ya ng'ombe kufikira panang'anima. Moto unali pakati. Polowa, amuna anakhala ku dzanja lamanja ndi akazi ku lamanzere; ndipo kumbuyo, moyang'anana ndi khomo, kunali malo olemekezeka ochedwa umsamo, kosungira miphika ndi zinthu za makolo.

Mabuku a Cingerezi afanizira nyumba iyi ndi mng'oma wa njuci, cifukwa ming'oma yakale ya kwao inalukidwa ndi udzu, yonga dengu. Mphunzitsi acenjere ndi fanizo limeneli. Mwana wa kuno adziwa mng'oma wa khungwa kapena wa cipika, wautali, wopacikidwa mu mtengo. Mukamuuza kuti makolo a Angoni anagona m'nyumba zonga ming'oma, adzaona m'maganizo mwace cinthu cimene sicinakhalepo. Munene dengu lobvundikira, kapena mphika wobvundikira, ndipo adzamva.

Nyumba zimenezi sizinaime mwacisawawa. Pakati pa mudzi panali khola la ng'ombe, nyumba zonse zinalizinga, ndipo yaikuru inaima kumtunda, moyang'anana ndi cipata. Zina zinatsata ku dzanja ili ndi ilo monga mwa ukuru wa akazi a mwini mudzi.

II. Ulendo

Zwangendaba ndi anthu ace anacoka kumwera pafupi ndi caka ca 1820, Shaka atagonjetsa Zwide mfumu ya Andwandwe. Anapyola maiko a Athonga ndi Akaranga, naoloka Zambezi m'mwezi wa November 1835, tsiku lija la kadamsana. Anakhala zaka zina kwa Ansenga, napitirira kwa Acewa ndi Atumbuka, nafika ku Ufipa m'dziko la Tanzania, kumene Zwangendaba anamwalira pafupi ndi caka ca 1848. Ana ace anagawikana: M'mbelwa anakhazikika m'dziko limene ticha Mzimba, Mpezeni m'dziko la ku Chipata. Angoni a kwa Maseko anayenda njira yao ya pa okha, nafika ku Songea, nabwerera ku Domwe pafupi ndi caka ca 1870. Ndiwo a kwa Gomani a ku Ntcheu ndi Dedza.

Cotero ena anakhala pa ulendo zaka zoposa 30, ena pafupi zaka 50. Ocoka kumwera ali anyamata anafika ali nkhalamba, ndi ambiri anafera pa njira. Khamu linakula ndi anthu ogwidwa ndi ogonja a m'maiko onse anapyolawo, kotero kuti pofika, obadwa ndi mwazi wa kumwera anali ocepa pakati pa unyinji wa ena. Ici tisaciiwale, pakuti pa ico papacikika nkhani yonse ya nyumba.

III. Cifukwa cace cipupa cinasinthika

Nyumba imene Angoni anaipeza kuno, kwa Acewa, Atumbuka ndi Ansenga, muidziwa nonse. Azika nsici mozungulira, nazimanga ndi mbariro ndi luzi, namata dothi. Tsindwi alimanga pa lokha pansi ndi mapaso, ndipo likatha aitana anansi alikweze pamwamba pa cipupa. Ndiko kunacokera mwambi wakuti mutu umodzi susenza denga. Udzu upitirira cipupa, nutsamira pa mphanda, ndipo pakhala khonde. Nyumba imeneyi ndiyo Angoni anaitenga, nasiya yao ya udzu wokha wokha. Zifukwa tiziona zinai.

Coyamba ndi manja. Kumwera kufolera inali nchito ya akazi, ndipo luso lace loluka zingwe ndi kuyala udzu pa cimango copindika mwana wamkazi analiphunzira kwa amace. Kuno kufolera ndi nchito ya amuna, akazi atunga madzi, namata, nazira. Tsono m'mudzi wa Angoni akazi ambiri anali ana a Ansenga, Acewa ndi Atumbuka, ndi amuna odula mitengo anali a mitundu yomweyo. Mwini mudzi akhoza kulamula pamene nyumba iime. Koma manja amanga cimene anaphunzira ku ubwana. Njira imene cinenero ca Cingoni cinazimirira nayo, mwana poyamwa mau a amace, ndi yomweyo inazimiriritsa nyumba ya udzu.

Caciwiri ndi mitengo. Kumwera kwao udzu unacuruka m'zitunda, ndipo nyumba yao inadya udzu wambiri ndi timitengo tating'ono. Kuno anapeza nkhalango za mombo ndi mtondo, zopatsa nsici ndi luzi wosasowa, ndi nsungwi m'mapiri. Womanga wanzeru afunsa chire limene liri pafupi.

Cacitatu ndi adani a nyumba: ciswe, cinyezi ndi moto. Udzu wofika pansi ndiwo njira ya ciswe, ndipo ubvunda msanga m'dzinja. Khonde litaya madzi kutali ndi cipupa, dothi lomata silipsa monga udzu, nichinga mphepo ya m'June ndi July, imene anthu a ku Dedza, Ntcheu ndi Mzimba aidziwa bwino.

Cacinai ndi kukhazikika. Cimango ca nyumba ya kumwera ncopepuka. Amuna angapo akhoza kucizula ndi kucisenza kumka naco pena. Ciyenera anthu osamuka samuka. Ulendo utatha, nyumba yolemera ya dothi siinalinso colemetsa.

Ndipo wina asati kusinthaku kunadza cifukwa ca kufoka kwa mtima wa osamuka. Amandebele a Mzilikazi, amene anacoka kumwera nyengo yomweyo nakhala ku Zimbabwe, anacita comweco. Ngakhale Azulu eni ace, osacoka kwao, anasiya pang'ono pang'ono nyumba ya udzu m'zaka za 1900, namanga yozungulira ya cipupa ndi tsindwi losongoka. Lero wofuna kuona midzi ya nyumba zakalezo apita ku malo osungira mbiri, monga ku Ondini pafupi ndi Ulundi, kumene anamanganso mudzi wa mfumu Cetshwayo. Ngati otsala kwao anasintha, tidzatsutsa bwanji oyenda zaka 50?

IV. Cimene cinafika

Tsono tipenye pansi, pamene nyumbazo zinaima. M'midzi ya Angoni, makamaka ku Mzimba ndi ku Chipata, khola linakhalabe pakati, nyumba zolizinga. Kumtunda kwace kunaima indlunkulu, ndiko kuti nyumba yaikuru, ndipo panali nyumba ya gogo, yolemekezeka cifukwa ca makolo. Pa cipata ca khola amuna anakhala, nadya, naweruza milandu, naphunzitsa anyamata. Anyamata osinkhuka anacoka m'nyumba za amao kukagona pamodzi m'nyumba yao yao, kumene wamkuru analanga wamng'ono. Mwini mudzi akamwalira anaikidwa pa khola, cokhala tsonga, pakati pa ana ace ndi ng'ombe zace. Kwa Acewa nkosiyana: manda ali ku msitu, kunja kwa mudzi, bwalo liri pa lokha, ndipo mwamuna amanga kwa mkazi wace monga mkamwini. Nyumba imodzi ya Mngoni ndi imodzi ya Mcewa zinafanana ngati mapasa. Midzi yao siinafanane konse.

Ndipo kaikidwe aka kanali ndi nchito yace. Pa Cingoni, nyumba itanthauzanso mkazi, ana ace, ng'ombe zopatsidwa kwa iye, ndi colowa ca anawo. Malo amene nyumba inaima anauza munthu ali yense wolowa m'mudzi kuti wamkuru ndani, wodzalowa m'malo mwa atate ndani. Kugawikana kwa ana a Zwangendaba kunali kugawikana kwa nyumba zace. Mudzi unali buku la cibadwidwe lolembedwa pa dothi, ndipo wosadziwa kuwerenga kalata anawerenga limeneli.

Mau omwe acitira umboni, ndipo apa ophunzitsa galamala acherere khutu. Mau a zomangira, monga nsici, phaso, luzi, khonde, Angoni awanena m'cinenero ca eni dziko, Cicewa, Citumbuka kapena Cinsenga. Koma mau a malo ndi a maudindo ambiri anatsala a kumwera. Khola pa Cizulu ndi isibaya. Kuno linakhala cibaya, isi- atasandulika ci-, nilowa m'gulu la cinthu ndi zinthu. Cipata ndi isango. Pofuna kunena kuti pa cipata, Cizulu ciika e- patsogolo ndi -ini pambuyo, nakhala esangweni, ndipo ku Mzimba kufikira lero anena sangweni. Nyumba ya anyamata ndi ilawu, mwemo elawini, kuno laweni. Maina a midzi ali m'cikombole comweco: Elangeni, kucokera ku ilanga, dzuwa; Embangweni, kucokera ku umbango, mkangano; momwemonso Ekwendeni, Edingeni, Mtenguleni, Luangeni. Onani lamulo lace: -a ndi -ini apanga -eni, -o ndi -ini apanga -weni.

Potero tikati ku Ekwendeni, kapena pa sangweni, tanena malo kawiri, kamodzi mwa Cingoni ndi kamodzi mwa kwathu. Mphunzitsi asayese ici colakwa cofuna kukonza m'makope a ana. Mau acilendo alowa ndi thupi lao lonse, ndipo ife tawaikira khonde lathu la pa, ku ndi mu. Ena anaturuka m'midzi ya Angoni nafalikira dziko lonse: nduna ndi agogo anenedwa lero ndi anthu amene sanaone cibaya ndi kale lonse. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

V. Za mabuku amene tiphunziramo

Aphunzitsi ambiri atenga za Angoni m'mabuku atatu kapena anai, ndipo kuyenera kudziwa mphamvu ndi cirema ca liri lonse pa nkhani ino.

Dokotala W. A. Elmslie wa mishoni ya Livingstonia anafika ku Njuyu m'caka ca 1885, nasindikiza Among the Wild Ngoni m'caka ca 1899. Mtengo wa buku ili ndi wakuti mwini wace anaona midzi ya M'mbelwa ufumu usanagonje kwa Boma. Koma dzina la bukulo lionetsa diso limene anapenya nalo. Iye anadza kudzasintha anthu, ndipo wodza kudzasintha aona msanga cosowa, nacedwa kuona dongosolo.

Mbusa Yesaya Chibambo wa ku Ekwendeni, amene buku lace linaturuka pa Cingerezi m'caka ca 1942 ndi dzina lakuti My Ngoni of Nyasaland, analemba monga mwana wa m'nyumba. Kwa iye tiphunzira ulendo, mafumu ndi nkhondo. Koma mwana wa m'nyumba safotokoza kawiri kawiri za cipupa cimene atsamira. Aciyesa codziwika kwa onse.

Margaret Read anakhala pakati pa Angoni pakati pa 1935 ndi 1939, nalemba The Ngoni of Nyasaland, la 1956, ndi Children of Their Fathers, la 1959. Pa nkhani ya kaikidwe ka mudzi, mabuku awa apambana enawo, pakuti mai uyu anazindikira kuti khola, nyumba zazikuru ndi laweni ndizo sukulu imene Mngoni analeredwamo. Wonena kuti Angoni anataya zonse awerenge iye, ndipo adzaleka. Cirema cace ndi ici: anachera khutu makamaka kwa a mabanja aufumu ndi akuru onyadira mwazi wa kumwera. Cotero timva bwino mau a wolamula pamene nyumba iime, koma mau a mkazi Wacicewa kapena Wacitumbuka amene anaimata samveka kweni kweni. Wowerenga mosacenjera adzayesa ciri conse cotengedwa kwa eni dziko kukhala kuonongeka kwa Ungoni. Ife tinena kuti nyumba ya Mngoni wa kuno inali ya makolo awiri, atate ndi amai, ndipo mwana sanyoza dzanja la amace.

VI. Pamene mwambo unathyokadi

Sitinena kuti palibe cotayika. Cinatayika cacikuru, koma cinatayikira pakati pa mudzi. M'zaka za 1892 ndi 1893 mliri wa ng'ombe unapululutsa makola a kumpoto. M'caka ca 1896 asilikari a Boma la Angerezi anagonjetsa Gomani woyamba namupha. M'caka ca 1898 anagonjetsa Mpezeni, nalanda ng'ombe zace zikwi zambiri. M'caka ca 1904 a kwa M'mbelwa analowa pansi pa Boma popanda nkhondo. Nkhondo zitatha, panalibenso cokakamiza anthu kuunjikana m'midzi yaikuru, ndipo inasweka kukhala timidzi. Msonkho unawerengedwa pa nyumba, kotero kuti mwamuna wa nyumba zambiri analipira zambiri; ndipo anyamata, m'malo mwa kukhala pa cipata ca khola kumva akuru, anamuka ku migodi ndi ku minda ya Azungu ku Harare ndi ku Joni kukafuna ndalama. Ku Ntcheu, Dedza ndi Dowa, kumene Acewa anacuruka koposa, mabanja ambiri a Angoni anatsata cikamwini. Ndipo mwamuna womanga kwa mkazi wace sakhoza kuika nyumba monga mwa ukuru wa nyumba za atate wace.

Mudzi wozinga khola, khola likakhala lopanda ng'ombe, uzinga ciani? Apa ndipo panathyoka mwambo, zipupa ziri cimangire.

Pamwamba pa izi panadza ciphunzitso ca ukhondo. Sukulu ya Jeanes ku Domasi, yotsegulidwa m'caka ca 1929, inaphunzitsa aphunzitsi ndi akazi ao kukonza midzi: mazenera, zimbudzi, maenje a zinyalala, makola otalikira nyumba. Zambiri za izi zinapulumutsa miyoyo, ndipo wozinyoza sanaike mwana m'manda cifukwa ca kamwazi. Utsi wa m'nyumba yopanda zenera uononga maso ndi cifuwa; nchenche za pa khola sizidziwa mwambo. Koma pamodzi ndi zabwinozi panalowa ganizo lakuti mudzi wabwino ndi wa mizere yoongoka. Mzere ulibe mutu, ulibe pakati, ulibe dzanja lamanja kapena lamanzere. Uuza mlendo kuti mudzi ngwosesa. Sumuuza kuti wamkuru ndani.

Za nyumba ya ngondya zinai tinene zoona zace. Siinadze ndi Uthenga Wabwino. David Livingstone, pofika ku Mwembe kwa Mataka m'caka ca 1866, anapeza Ayao alikumanga kale nyumba zotere, atazionera kwa amalonda a ku gombe la nyanja yamcere. Inafalikira pambuyo pace cifukwa kama, gome ndi citseko ca matabwa zifuna cipupa coongoka, ndipo malata sapindika kutsata nyumba yozungulira. Iri ndi zokoma zace: zipinda zolekanitsa ana ndi akuru, ndi denga losafuna udzu caka ndi caka, lero pamene udzu wofolera usowa. Irinso ndi zowawa zace: malata aocha m'October nazizira m'June, ndipo njerwa zoocha zatha mitengo. Walira mvula walira matope. Kuiyesa cizindikiro ca Cikristu kapena ca nzeru ndiko kusokeretsa ana. Amishoni eni ace anali osamuka, ndipo anacita monga Angoni: nyumba zao zoyamba ku Mvera ndi kwina anazifolera ndi udzu wa kuno, nazizinga ndi khonde lalikuru cifukwa ca dzuwa ndi mvula ya kuno, cimene anasunga ca kwao ndico kagawidwe ka zipinda, ca kudyera, ca kugona, ca kuwerengera.

Ndipo penyani pa makomo ambiri lero: patsogolo nyumba ya njerwa ndi malata, kumbuyo kanyumba kozungulira kophikiramo, kapena kogonamo agogo. Moto ndi nkhalamba zakana kusamuka. Ku KwaZulu-Natal mabanja ambiri omanga nyumba zamakono asungabe imodzi yozungulira ya makolo. Anthu adziwa okha cimene sangacisiye, ngakhale sanacilembe m'buku.

VII. Kwa aphunzitsi ndi akatekisi

Nkhani iyi siri ya kale lokha. Pakati pa 2004 ndi 2011, mabanja zikwi zambiri a ku Thyolo ndi Mulanje anasamukira ku Mangochi, Machinga ndi maboma ena pa nchito ya Kudzigulira Malo. M'caka ca 2023 namondwe Freddy anagumula midzi ya kumwera, ndipo ambiri anakamanga pa malo acilendo. Pa nthawi zotere mphunzitsi ndi mkatekisi afunsidwa nzeru, popeza ndiwo odziwa kulemba ndi kuyesa ndi cingwe. Wothandiza osamuka adziwa kuwerenga malata ndi matumba a simenti; koma akapanda kufunsa kuti nkhalamba iyi ikhale pafupi ndi yani, ana akazi a mai uyu amange kuti, bwalo likhale pati, manda akhale kuti, adzapatsa anthu nyumba nawalanda mudzi. Mkazi wamasiye woikidwa ku mapeto a mzere, kutali ndi abale ace, ali ndi denga losadontha, koma alibe womutapira moto.

Mukumbukira kuti ana a Israyeli anakhala m'mahema m'cipululu, ndipo polowa m'Kanani anakhala m'nyumba za miyala monga eni dziko. Aneneri sanawadzudzule cifukwa ca miyalayo. Anawadzudzula pamene anaiwala cimene cinali pakati pa cigono cao.

Cifukwa cace tipempha zinthu zitatu. Coyamba, pophunzitsa za nyumba za mitundu, musayambe ndi cithunzi ca nyumba imodzi; turukani ndi ana pabwalo, mulembe pansi ndi kamtengo mudzi wonse, wa Angoni apa, wa Acewa apo, ndipo ana anene okha kusiyana kwace. Caciwiri, pitani kwa nkhalamba, amuna ndi akazi omwe, pakuti akuru akuru ndi m'dambo mozimira moto. Muwafunse nyumba za mudzi umene anabadwiramo zinaima bwanji, anazika nsici ndani, anafolera ndani, anamata ndani, ndipo ciwalo ciri conse ca nyumba acicha ciani kwanuko. Mulembe mau monga awachula iwo, osawakonza, ndipo mutumize kuno kuti tiwalinganize ndi a madera ena. Cacitatu, mwana akakufunsani ngati nyumba ya agogo ace yozungulira iri yocititsa manyazi, mumuyankhe kuti ayambe waona ngati iri yosesa, yosadontha, yoturutsa utsi, ndi ngati okhalamo adziwa malo ao ndi kulemekezana. Zikakhala zotero, ngondya zidzadza pa nthawi yace, akapeza malata.